Njinga Zikatsamira Khoma la Tiyirumu

Tambala wachiwiri asanalire, mumsewu wochokera ku Mitundu kulowera mumzinda wa Lilongwe mumakhala mutayamba kale kumveka kulira kwa matcheni a njinga. Patsogolo pamakhala alimi amene amanga madengu a tomato ndi matumba a kabichi pakeliyala, pambuyo pawo ogulitsa nkhuni, ndipo cha m'ma 5 koloko anyamata a kabaza nawo amatulukira atanyamula amayi opita kuchipatala kapena kukapikula katundu. Ulendowu ndi wa makilomita oposa 30, ndipo ndi ochepa amene angaupalase wonse m'mimba muli pululu. Penapake panjira njinga zija zimapatuka n'kukatsamira khoma la kanyumba kofuka utsi, kamene pachitseko pake panalembedwa ndi penti kuti tiyi alipo.

Chodabwitsa n'chakuti pamalo amodzi pamatha kukhala matiyirumu atatu oyandikana, onse ophika masamba ofanana ndi kuthira shuga wa kampani imodzi, koma njinga khumi zimaunjikana pakhomo limodzi pamene makomo enawo ali zii. Anthu okonda kunena amafulumira kuganiza kuti mwini wake ali ndi chizimba cha malonda. Komatu zifukwa zake n'zoonekeratu kwa aliyense amene anapalasapo njinga yolemedwa, ndipo zili ndi phunziro kwa alangizi, makomiti a misika ndi alimi eni ake. Kapu ya tiyi imeneyi ndi gawo la mtengo wofikitsira mbewu kumsika, monga momwe mafuta alili kwa mwini galimoto.

Injini yake ndi thupi la munthu

M'chigawo chino cha Africa njinga yakapalasa idakali galimoto ya munthu wamba. Ku Malawi imanyamula mbatata ya kachewere kuchokera m'minda ya ku Dedza ndi Ntcheu kupita kumisika ya Bembeke, Lizulu ndi pamphambano ya Tsangano, kumene alimi a ku Angonia, tsidya la Mozambique, amakumana ndi anzawo a ku Malawi. Imanyamula nsomba kuchokera kunyanja ya Chilwa kukwera nazo ku Zomba, komanso zigubu za mkaka kuchokera m'makola a ku Thyolo ndi Chiradzulu kupita kumalo osonkhanitsira mkaka. Ku Mzuzu njinga zonyamula anthu zinapatsidwa dzina loti Sacramento, pamene madera ambiri amangoti kabaza. Ku Zambia, tauni ya Chipata inatchuka ndi njinga kuyambira masiku amene fakitale ya Luangwa Industries inkapanga njinga za Eagle, ndipo mpaka lero misewu ya ku Chipata ndi Katete imadzaza ndi opalasa m'mawa uliwonse. Nako ku Quelimane, m'dziko la Mozambique, njinga ndiyo takisi ya mumzinda.

Katundu amene njingazi zimasenza si wamasewera. Keliyala ya njinga ya Buffalo, imene bungwe la World Bicycle Relief linakonzera misewu ya kumudzi, inapangidwa kuti izinyamula makilogalamu 100, kutanthauza matumba awiri a chimanga. Alimi ambiri amawotcherera zitsulo zina pakeliyala ya njinga zawo zakale n'kumanyamula oposa pamenepo. Pachikweza munthu amatsika n'kukankha, chifuwa chili pachiwongolero, thukuta likuchita kamtsinje kumsana.

Ntchito yotereyi imadya mphamvu ndi madzi a m'thupi mofulumira. Munthu amene wanyamuka usiku asanadye kanthu amayenda ndi nsima ya dzulo, ndipo ikatha m'thupi zizindikiro zake sizibisika: miyendo imanjenjemera, mutu umachita chizungulire, maso amachita mdima. Pamsewu wopapatiza umene m'mphepete mwake munakumbika, pomwe magalimoto akuluakulu amadutsa mokhudza chigongono, kudzandira kamodzi kokha n'kokwanira kusiya ana amasiye. N'chifukwa chake kuima patiyirumu sikuyenera kuwerengedwa ngati kuwononga ndalama, ngakhale kuti m'mabanja ena mkangano umabuka bambo akanena kuti gawo lina la ndalama za tomato latsala panjira.

Zimene wopalasa njinga amayang'ana

Chinthu choyamba ndi pamene tiyirumu yamangidwa. Yomangidwa pamwamba pa chitunda imapeza makasitomala mosavutikira, chifukwa munthu amene wakankha matumba kuchokera kudambo amafika pamwamba atatheratu, ndipo akamwa tiyi amayamba ndi kutsetsereka. M'munsi mwa chitunda palibe amene amafuna kuima, poti liwiro limene watsika nalo ndi limene limamukankhira pachikweza chotsatira. Pamphambano pamene msewu wafumbi ukumana ndi watala ndi pamalo penanso pabwino, chifukwa opalasa ochokera m'midzi yosiyanasiyana amadikirirana pamenepo kuti alowe mumsewu waukulu ali gulu.

Nthawi yotsegulira nayo imasiyanitsa matiyirumu. Imene moto wake umayaka dzuwa litatuluka imapeza alimi atadutsa kale. Imene ketulo yake imakhala itawira cha m'ma 4 koloko, nyale ikuyaka pakhonde, imasanduka podikirira kucha. Njinga zambiri zilibe nyale kapena zonyezimira zakumbuyo, choncho mphindi makumi atatu zimene munthu wakhala pabenchi kudikira kuti kunja kuyere zimamupulumutsa ku magalimoto ndi kwa achifwamba omwe.

Kenaka pali nkhani ya maso. Njinga ndiwo mpamba wonse wa mwini wake, ndipo anyamata ambiri a kabaza amapalasa njinga zobwereka zimene amalipira kwa eni ake tsiku ndi tsiku. Munthu wotere sangamwe tiyi mtima uli m'malo ngati njinga ili kuseri kwa nyumba. Tiyirumu yokondedwa imakhala ndi benchi pakhonde kapena zenera loyang'ana kumene njinga zaima. Imakhalanso ndi khoma lolimba kapena mtanda wotsamiritsapo, popeza njinga yosenza matumba siima payokha, ndiponso mthunzi, chifukwa tomato, masamba ndi mkaka sizigwirizana ndi dzuwa. Pakakhala wokonza njinga pansi pa mtengo wapafupi, zinthu zimayenda bwino kwambiri: chubu chimamatidwa, sipoko yothyoka imasinthidwa, mwini njinga akumwa tiyi. Eni matiyirumu ena ochenjera amasunga pampu yobwereketsa, ndipo pampu imeneyo imakoka anthu kuposa chikwangwani.

Zikatero m'pamene pamabwera za m'kapu ndi za m'mbale. Wopalasa njinga amafuna kapu yaikulu, tiyi wotentha kwenikweni, ndi chakudya chokhalitsa m'mimba. Sikono yofufuma bwino kunja koma ya mphepo m'kati imadziwika tsiku loyamba lomwe, ndipo mbiri yake imayenda msewu wonse. Chigumu, zitumbuwa, mbatata yophika ndi chinangwa zimagwira m'mimba nthawi yaitali kuposa buledi, ndipo m'nyengo ya masika maungu, mtedza wophika ndi chimanga chachiwisi zimapezeka pamtengo wotsika. Mandasi ndi mabanzi otchedwa Obama ali ndi owakonda awo, makamaka a kabaza amene amadya mothamanga, khutu lili kwa wokwera amene angaitane nthawi ina iliyonse.

Chotsiriza, chimene sichilembedwa pakhoma pamodzi ndi mitengo, ndi ulemu. Munthu wonyamula katundu amafika atanyowa ndi thukuta, zovala zili fumbi lokhalokha, ndipo m'malesitilanti ena a m'tauni amamuyang'ana ngati wasochera. Kumene amalandiridwa ndi mawu akuti, "Mwayenda bwanji achimwene, sambani m'manja," ndipo wachikulire n'kupatsidwa mpando ndi kutchedwa bambo, kumeneko ndi kumene amabwerera chaka ndi chaka.

Kope la ngongole

Mlimi wopita kumsika amakhala ndi chuma pakeliyala koma m'thumba mulibe kanthu. Ndalama amazigwira masana, katundu atagulidwa. Pachifukwa ichi pafupifupi tiyirumu iliyonse yapanjira imakhala ndi kope losungidwa pashelefu, momwe mumalembedwa amene amwa popita kuti adzalipire pobwerera. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo mayi amene wakhulupirira mlimi tsiku limene analibe kalikonse amakhala wapeza kasitomala wa moyo wonse.

Koma kope lomweli lagwetsa matiyirumu ambiri. Eni ake, amene ambiri ndi amayi, amayamba ndi mpamba wochepa, kawirikawiri wobwereka ku banki m'khonde, ndipo ngongoleyo ili ndi tsiku lake lobwezera. Shuga, ufa ndi nkhuni za mawa zimagulidwa ndi ndalama za lero. Anthu asanu akasintha njira pothawa ngongole, ketulo imazima. Kumene zinthu zikuyenda bwino kumakhala malamulo osavuta: ngongole ya m'mawa imabwezedwa tsiku lomwelo, munthu wachilendo amayamba wabwera ndi womudziwa, ndipo kwa a kabaza wapampando wa pasiteji pawo ndiye amakhala mboni. Alangizi amene amaphunzitsa magulu a banki m'khonde angathandize kwambiri poonetsa mayi wa tiyirumu kawerengedwe ka ndalama zimene kapu imodzi imamudyera, kuphatikizapo nkhuni, madzi ndi sopo, chifukwa ambiri amawerengera shuga ndi masamba okha n'kumadabwa kuti phindu likulowera kuti.

Pabenchi lomwelo pamadutsanso nkhani za malonda. Amene akuchokera kutauni amauza amene akupita kuti tomato wadzaza pamsika wakuti ndipo mtengo wagwa, kuti mlatho wakutiwakuti wakokoloka, kapena kuti mavenda a pamalo ena sikelo yawo ndi yobera. Mlimi amene wamva zotere akadali panjira amatha kupatukira kumsika wina. Mafoni a m'manja achepetsa ntchito imeneyi koma sanaithetse, ndipo matiyirumu okhala ndi sola yotchajira mafoni apeza njira ina yoimitsira njinga. Ena amalandira malipiro kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, zimene zimathandiza wobwerera madzulo kuti asayende ndi ndalama zambiri m'thumba. Chipereganyu cha anyamata a kabaza nachonso nthawi zambiri chimasonkhedwa patebulo la tiyirumu.

Kumene za m'kapu zimachokera

Kapu ya tiyi wapanjira ili ndi minda yambiri kumbuyo kwake. Masamba ake amalimidwa makamaka ku Mulanje ndi Thyolo, ndi pang'ono ku Nkhata Bay. Ulimi wa tiyi wamalonda unayambira ku Mulanje m'chaka cha 1891, pamene Henry Brown anabzala tiyi pamunda wa Thornwood, ndipo lero tiyi wambiri amagulitsidwa kunja, wina kudzera pamsika wa okushoni wa ku Limbe. Shuga amachokera kuminda ya nzimbe ya ku Nchalo, Dwangwa ndi Salima, pamene ku Zambia amachokera kwambiri ku Nakambala, m'boma la Mazabuka. Shuga wogulitsidwa m'mapaketi amathiridwa vitamini A: Zambia inayamba kuchita izi mu 1998, ndipo Malawi inatsatira mu 2012.

Vuto lalikulu lili pa ufa wa tirigu. Tirigu wambiri amene amaphikira masikono ndi mandasi ku Malawi amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, choncho chilichonse chogwedeza kwacha chimafika m'mbale ya wopalasa njinga. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022, mtengo wa tirigu ndi mafuta ophikira unakwera padziko lonse. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha ya Malawi inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Kumayambiriro kwa 2024 shuga anasowa m'masitolo ambiri. Mayi wa tiyirumu sangakweze mtengo mofanana ndi sitolo, chifukwa makasitomala ake ndi anthu owerenga ndalama imodziimodzi. Chimene chimachitika n'chakuti sikono imachepa, supuni ya shuga imaphwa, mkaka umachuluka madzi, ndipo wopalasa njinga amanyamuka pabenchi asanakhute.

Apa m'pamene pali mwayi wa alimi oyandikana ndi msewu. Mbatata yofiira m'kati, monga mitundu ya Kadyaubwerere, Chipika, Kaphulira, Mathuthu ndi Anaakwanire imene inatulutsidwa ku Malawi mu 2011, ili ndi vitamini A wambiri, ndipo ikaphikidwa n'kupotedwa imalowa m'malo mwa gawo lina la ufa wa tirigu pokanda mandasi ndi masikono. Poti ndi yotsekemera kale, shuga wothira mu ufa amachepa. Ufa wa chinangwa wokonzedwa bwino, nthochi zakupsa, soya ndi mtedza nazo zimagwira ntchito yofanana m'zigumu ndi zitumbuwa. Kalabu ya alimi imene yapangana ndi matiyirumu awiri kapena atatu kuti iziwapatsa mbatata, mazira kapena mkaka mlungu uliwonse imakhala yapeza msika wosafuna ulendo wa kutauni. Msikawo ndi waung'ono, koma umagula chaka chonse ndipo ulibe venda pakati.

Madzi owira ndi kapu yotsukidwa

Mwayi waukulu wa tiyi ndi wakuti madzi ake amawira. Madzi akabwata kwa mphindi imodzi, tizilombo toyambitsa kolera ndi matenda ena otsegula m'mimba timafa. Kwa munthu wodutsa m'midzi yachilendo, amene sadziwa kuti chitsime chabwino ndi chiti, tiyi wotentha ndi chakumwa chodalirika kuposa madzi omangidwa m'timapepala kapena thobwa losadziwika kumene lafululidwa.

Komabe chakudza sichiimba ng'oma. Mliri wa kolera umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unafalikira m'maboma onse a Malawi, ndipo pofika pakati pa 2023 anthu oposa 58,000 anali atadwala ndipo oposa 1,700 anali atamwalira. Ku Zambia mliri unabuka ku Lusaka mu Okutobala 2023, ndipo mu Januwale 2024 bwalo la zamasewero la National Heroes linasandutsidwa chipatala cha odwala kolera. M'nyengo imeneyo makhonsolo ena analetsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu ndi m'misika, ndipo mabanja odalira malonda amenewa anagona ndi njala. Wopalasa njinga amadutsa midzi yambiri tsiku limodzi, choncho matenda otengedwa patebulo limodzi m'mawa amatha kugona m'maboma awiri usiku wake.

M'tiyirumu, kolera salowera mu ketulo. Amalowera m'beseni limene anthu khumi asambamo m'manja motsatizana, m'ndowa ya madzi otuwa imene makapu amangoviikidwamo kuyambira m'mawa mpaka masana, m'mandasi osavindikira amene ntchentche zochokera kuchimbudzi zimaterapo, ndi m'manja amene alandira ndalama n'kugwira sikono. Njira zotsekera mipata imeneyi sizidya ndalama zambiri. Madzi osamba m'manja azithiridwa kuchokera m'jagi kapena m'ndowa ya mpopi, sopo ali pomwepo. Makapu azitsukidwa ndi sopo, kutsukuluzidwa ndi madzi otentha n'kuyanikidwa pathandala. Madzi akumwa azithiridwa klorini kapena WaterGuard n'kudikira mphindi 30. Zakudya zizikhala m'chidebe chotseka ndipo zizitoledwa ndi foloko. Mkaka wa ng'ombe wochokera kukhola uziwiritsidwa, popeza wosawiritsa umatha kupatsira anthu chifuwa chachikulu cha ng'ombe ndi matenda ena.

Pali mfundo zina ziwiri zimene alangizi a zaumoyo angafotokozere opalasa njinga. Yoyamba ndi yakuti tiyi yekha sabwezeretsa zonse zimene thukuta lachotsa. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, makamaka kuchigwa cha Shire ndi m'mphepete mwa nyanja, munthu amafunika botolo la madzi abwino panjinga ndi chakudya chokhala ndi kamchere. Mkodzo ukakhala wochepa ndi wofiirira, thupi likupempha madzi. Yachiwiri ndi yakuti tiyi amachepetsa mphamvu ya thupi yotenga ayironi, mchere wopanga magazi, kuchokera m'zakudya monga nyemba ndi masamba. Munthu wochepa magazi, mayi woyembekezera ndi mwana wamng'ono ndi bwino amwe tiyi patapita ola limodzi atadya chakudya chenicheni.

Tiyirumu imapikisananso ndi malo ena apanjira, amene ndi shabini. Mowa wa m'masacheti unaletsedwa ku Zambia mu 2012, kumene unkatchedwa tujilijili, ndipo ku Malawi unaletsedwa mu 2015, koma kachasu ndi mowa waukali wa m'timabotolo zikupezekabe pamtengo wosasiyana kwenikweni ndi wa tiyi ndi sikono. Achinyamata ena amakhulupirira kuti mowawu umachotsa kutopa, pamene umangophimba kutopako, kuchotsa madzi m'thupi ndi kuchedwetsa dzanja kugwira buleki. Pamalo pamene palibe tiyirumu yabwino, mnyamata wa kabaza amadikirira okwera pakhomo la shabini.

Nkhuni za pansi pa ketulo

Ketulo yowira kuyambira m'bandakucha mpaka masana imadya nkhuni zambiri, ndipo m'madera amene mitengo inatha, nkhuni zimalanda gawo lalikulu la phindu. Mafuwa atatu amataya moto wambiri m'mbali. Chitetezo mbaula, youmbidwa ndi dothi ndi magulu a m'midzi, imasunga moto pansi pa ketulo ndipo imayaka ndi tinthambi, zitsononkho ndi mapesi a nandolo. Fulasiki yaikulu imathandiza kuti moto uzizimitsidwa anthu akachepa. Utsi ukachepa, mayi amene amakhala m'khitchini maola ambiri, kawirikawiri mwana ali kumsana, amapepukidwa chifuwa ndi maso. Mlangizi wofuna kuti mbaula zimenezi zidziwike sangapeze poonetsera poposa tiyirumu, pamene anthu a m'midzi yambiri amaiona ikugwira ntchito tsiku lililonse.

Chizindikiro cha pakhoma

Ubale wa njinga ndi tiyi ulinso kumayiko akutali. Ku Britain, bungwe la opalasa njinga limene linakhazikitsidwa mu 1878, lodziwika kwa zaka zambiri kuti Cyclists' Touring Club ndipo kuyambira 2016 kuti Cycling UK, linkakhoma chizindikiro chachitsulo cha gudumu la mapiko pamakoma a nyumba za alendo zimene linagwirizana nazo. Wopalasa akaona gudumulo ankadziwa kuti pamenepo alandiridwa bwino ndipo mtengo wake ndi wogwirizana kale. Zina mwa zizindikirozo zikuonekabe pamakoma, ndipo makalabu a njinga a kumeneko amakonza maulendo awo a Lamulungu moti pakati pa ulendo aime pamalo omwera tiyi ndi keke.

Anthu amenewo amapalasa pofuna kulimbitsa thupi ndi kusangalala, pamene wa ku Lizulu kapena Katete amapalasa kuti ana adye. Koma nzeru ya chizindikiro ingagwire ntchito kuno. Magulu a kabaza ali kale ndi atsogoleri, malamulo ndi ziphaso pamasiteji awo. Atagwirizana ndi komiti ya msika ndi mlangizi wa zaumoyo, angathe kuika chizindikiro chawo pamatiyirumu amene ali ndi posambira m'manja, chimbudzi, zakudya zovindikira ndi poimika njinga. Mwini tiyirumu angapeze makasitomala otsimikizika, ndipo oyandikana naye angakakamizike kukonza pawo popanda wowaopseza ndi chindapusa.

Ntchito ya alangizi ndi makomiti

M'zaka zaposachedwa njinga zamoto zalanda okwera ambiri, makamaka a maulendo ataliatali, ndipo ena amaganiza kuti masiku a njinga yakapalasa atha. Koma mafuta atasowa ku Malawi mu 2011 ndi 2012, komanso mu 2022 ndi 2024, njinga zamoto zinagona pamizere ya kumalo omwetsera mafuta pamene zakapalasa zinkafikitsabe ndiwo kumsika. Mlimi wa madengu awiri a tomato sangalipire njinga yamoto n'kutsala ndi phindu. Malinga ngati zinthu zili chomwechi, matiyirumu apanjira adzafunikabe.

Mapulani a chitukuko akamakamba za misika amatchula misewu, milatho, mashedi ndi nyumba zosungiramo mbewu, koma kanyumba kamene kamadyetsa wonyamula mbewuzo sikatchulidwa. Wogwira ntchito kukhonsolo amafikako podzatolera msonkho kapena podzatseka kukabuka mliri. Pali zambiri zimene zingachitike nthawi yotseka isanafike. Komiti ya chitukuko ya m'dera posankha pokumba mjigo kapena pomanga chimbudzi cha pamsika ingakumbukire mzere wa matiyirumu. Mlangizi wa zaumoyo amene amagawa klorini m'midzi angayambire pamenepo, ndipo atafika m'mamawa m'malo mwa masana angakumane ndi abambo ndi anyamata amene sapezeka kusikelo ya ana kapena pamisonkhano ya kwa amfumu. Mlangizi wa zaulimi angapachike pakhoma uthenga wa mitengo ya mbewu imene boma lalengeza, masiku a katemera wa chitopa, kapena chenjezo la mbozi zowononga chimanga, podziwa kuti pofika madzulo uthengawo ukhala utafika m'midzi imene iye sangaifike pamlungu umodzi. Apolisi a pamsewu ndi mabungwe ogawa zonyezimira za njinga angapeze eni njinga atakhala pansi, ali ndi nthawi yomvetsera. Mutu umodzi susenza denga, ndipo mayi wa tiyirumu payekha sangakumbe mjigo.

Nawo opalasa njinga ali ndi mbali yawo. Iwo ndiwo amasankha khomo loimapo, ndipo akamasankha poyang'ana sopo ndi chivindikiro monga momwe amayang'anira kukula kwa kapu, eni matiyirumu adzatsatira. Akamabweza ngongole tsiku lake, ketulo imene amaidalira idzapezeka ikuwira mawa.

Dzuwa likapendeka, njinga zija zimabwerera mumsewu wa ku Mitundu zili zopepuka, madengu opanda kanthu atamangidwa chozondoka, pena paketi ya shuga kapena botolo la mafuta ophikira likulendewera pachiwongolero. Patiyirumu paja mlimi amatsika, kupereka moni, n'kuwerenga ndalama za tiyi wa m'mawa. Mayi amatenga kope pashelefu, kudula mzere padzina lake, kenaka n'kutuma mwana kukagula ufa wokandira masikono a mawa.